Kodi mseu ngwa yani?

Pa 14 June 1993 a Malawi adafola m'mizere kuyambira m'bandakucha kukasankha pakati pa nyali ndi tambala wakuda. Ambiri adapita kumalo oponyera voti wapansi, ena panjinga. Nyali idapambana, ndipo pa 17 May 1994 tidasankha boma latsopano. Posakhalitsa maina a miseu adayamba kusintha. Mseu waukulu wa pakati pa Blantyre ndi Limbe, umene unkatchedwa Kamuzu Highway, udapatsidwa dzina la Masauko Chipembere, yemwe adamwalira ku America mu 1975 ali wothawa kwawo. Zidali zoyenera ndithu. Koma lero, patapita zaka zoposa 30, ndikufuna kufunsa funso limene sitidalifunse nthawi ija: dzina lidasintha, nanga mwini mseu adasintha?

Yankho langa ndi loti ayi. Mseu wa m'tauni m'Malawi muno ukadali wa munthu wa galimoto. Woyenda pansi ndi wapanjinga, amene ndiwo ochuluka, amadutsamo ngati alendo, mopempha, cham'mphepete, akucheukacheuka. Nthawi ya chipani chimodzi Ngwazi ikamadutsa, apolisi ankatseka mseu ndipo aliyense ankapatuka. Lero aliyense amene wagula galimoto wasanduka kangwazi kakang'ono: iye aliza hutala, iwe udumphire m'ngalande ndi dengu lako la tomato. Nyuzipepala ino ikuti zimenezi zithe, ndipo poyambira pake ndi timiseu ta m'makwalala momwe anthu amakhala.

Tiyeni titenge chitsanzo cha Lilongwe, poti likulu lathuli lidachita kujambulidwa papepala lisanamangidwe. Pulani yake idalembedwa mu 1968 ndi akatswiri a ku South Africa, dziko limene lidaperekanso ngongole yoyambira ntchitoyo panthawi imene maiko ambiri a mu Africa ankalisala chifukwa cha tsankho. Likulu lidachoka ku Zomba mu 1975. Ojambulawo adaumwaza mzinda: Capital Hill apa, City Centre apo, Old Town uko, pakati pake tchire ndi miseu italiitali. Mabwana adawaika pafupi ndi maofesi, ku Area 10 ndi Area 12. Antchito wamba adawaponya kutali monga ku Area 25, ndipo amene adasowa malo papulanipo adadzimangira okha ku Chinsapo, Mtandire, Mgona ndi Kauma. Mzinda womangidwa chotere umakoma kwa munthu amene ali ndi makiyi a galimoto m'thumba. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mu Lilongwe mudali anthu pafupifupi 990,000. Mwa amenewa ndi angati ali ndi makiyi oterowo? Kaimeni pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe, pafupi ndi msika, 6 koloko m'mawa. Muwerenge mapazi, muwerenge njinga zosenza makala ndi nkhuni, kenaka muwerenge magalimoto. Simufunika digiri kuti mudziwe amene ali ambiri.

Nanga maboma a demokalase achitapo chiyani? Alimbikira kukuza miseu ikuluikulu. Mu 2020 adatsegula mseu wodutsana pamwamba ndi pansi wa ku Area 18. Mu 2021 idayamba ntchito yokuza Kenyatta Drive kuti ukhale wa mizere 6, mitengo ikuluikulu ya m'mbali mwake idagwetsedwa anthu akudandaula, ndipo mseuwo udadzapatsidwa dzina la Saulos Chilima. Ntchito ziwirizi zidayambidwa ndi maboma a zipani zosiyana, choncho wina asatinene kuti tikumenya chipani chakuti. Sindikunenanso kuti miseu imeneyi njosafunika. Likulu la dziko liyenera kukhala ndi miseu ikuluikulu. Chimene ndikukana ndi maganizo oti chitukuko cha mzinda chimayezedwa ndi kuchuluka kwa mizere ya magalimoto.

Pali zifukwa ziwiri. Choyamba, mseu ukakula umaitana magalimoto ena. Amene ankasiya galimoto kunyumba poopa kuthithikana amaitulutsa. Amene ankanyamuka 6 koloko amayamba kunyamuka 7 koloko pamodzi ndi anzake onse. Amene ankafuna nyumba pafupi ndi ntchito amakagula puloti kunja kwa mzinda, poti mseu ulipo. Pakapita zaka zochepa mseu uja wadzazanso. Izi si nthano. Ku Houston, m'dziko la America, adamaliza mu 2008 kukuza mseu wa Katy Freeway mpaka malo ena kufika mizere 26, koma sipadapite zaka zambiri ulendo wa m'mawa ndi madzulo udayambanso kutalika. Ngati eni madola adalephera kuthetsa kuthithikana ndi phula, ife a kwacha tingathe bwanji?

Chachiwiri, moyo wa munthu wa m'tauni sukhala pa mseu wa mizere 6. Umakhala pa kamseu ka kutsogolo kwa nyumba yake: pamene mwana wa sitandade 1 amadutsa popita kusukulu, pamene mayi amaoloka ndi ndowa kuchokera pampopi, pamene agogo amayenda ndi ndodo popita kutchalitchi kapena kumzikiti. Mseu waukulu ukathithikana, madalaivala amasandutsa timiseu timeneti kukhala njira zachidule. Munthu amene sakhala m'deralo, sadziwamo aliyense ndipo wachedwa kuntchito, amadutsa pakhomo panu ngati mphepo.

Apa pali nkhani imene andale safuna kuimva. Nthawi ya kampeni aliyense amalonjeza phula, ndipo anthu amawomba m'manja chifukwa adatopa ndi fumbi la October ndi matope a January. Koma walira mvula walira matope. Kamseu kafumbi ka maenjemaenje, kuipa konse kuja, kamakakamiza dalaivala kuyenda pang'onopang'ono. Tsiku limene kontilakitala wathira phula n'kuchoka osasiya poyenda anthu, osaika poolokera, ngalande zili kukamwa yasa mbali zonse ziwiri, liwiro limakwera pomwepo. Ana amene dzulo ankasewera mpira wachikulunga pamalo omwewo sadziwa kuti bwalo lawo lalandidwa. Zotsatira zake timazidziwa tonse. Mwana akagundidwa, anthu okwiya amatenga makasu usiku n'kukumba mseu kapena kuunjika dothi kuti apange mahampu awoawo. Akuluakulu amati kumeneko n'kuononga chitukuko. Ine ndikuti anthu amenewo akuchita ndi makasu ntchito imene injiniya adayenera kuichita ndi pensulo.

Nkhani ya liwiro ndi ya masamu a ku pulaimale. Galimoto yothamanga makilomita 30 pa ola imayenda mamita 8 pa sekondi imodzi. Yothamanga 60 imayenda mamita pafupifupi 17. Dalaivala akaona mwana walowa mumseu, pamapita sekondi yathunthu kapena kuposerapo phazi lisanafike pa buleki, ndipo nthawi yonseyo galimoto ikupitabe. Akaponda bulekiyo, mtunda woti galimoto iime pa liwiro la 60 ndi wotalika kanayi kuposa pa 30. N'chifukwa chake munthu wogundidwa pa 30 kawirikawiri amapulumuka, pamene wogundidwa pa 60 kawirikawiri timakamutenga kumotchale. Lipoti la bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO la 2023 lidati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamseu chaka chilichonse, kuti ngozizi ndizo zimapha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29, ndiponso kuti chigawo cha Africa ndicho chili patsogolo pa imfazi tikayerekeza ndi chiwerengero cha anthu. Mu February 2020 nduna za maiko ambiri zidakumana ku Stockholm n'kugwirizana kuti paliponse pamene magalimoto amasakanikirana ndi oyenda pansi ndi apanjinga, liwiro lisamapose 30.

Wina anena kuti a Malawi samva, ngakhale muike chikwangwani sachepetsa liwiro. Bodza limenelo. M'dera mukagwa maliro, anyamata amathyola nthambi n'kuziika pamseu mbali zonse ziwiri. Popanda wapolisi, popanda chindapusa, dalaivala aliyense amachepetsa liwiro n'kutsitsa wailesi, wapanjinga amatsika n'kuyamba kukankha, wachipewa amavula. Tili ndi mwambo wathuwathu wouza galimoto kuti pano pali anthu, yenda mwaulemu. Chomvetsa chisoni n'choti ulemu umenewu timaupereka munthu atafa kale. Chikutivuta n'chiyani kumanga mseu umene ungapereke ulemu womwewo kwa mwana akadali moyo?

Amene amati zimenezi n'za azungu aiwala kuti azunguwo adazipeza polira maliro. Dziko la Netherlands, limene lero limatchuka ndi njinga, nalonso lidagwetsa nyumba ndi kukuza miseu pofuna kupereka malo kwa magalimoto. Mu 1971 anthu pafupifupi 3,300 adafa pamiseu ya dzikolo, ndipo oposa 400 adali ana. Makolo adayambitsa gulu lotchedwa Stop de Kindermoord, kutanthauza kuti lekani kupha ana. Ankatseka miseu ya m'madera mwawo n'kukhala pansi pomwepo. Mafuta atavuta mu 1973, boma lidaletsa magalimoto kuyenda masiku ena a Lamulungu, ndipo anthu adaona ndi maso momwe mzinda umakhalira phokoso likatha. Mu 1976 lamulo lidavomereza mtundu wa mseu wa m'dera lokhala anthu umene iwo amautcha woonerf, momwe woyenda pansi ndiye mwini ndipo galimoto imalowa ngati mlendo. M'zaka zaposachedwapa imfa za pamseu kumeneko zakhala zosafika 800 pachaka, chonsecho anthu ndi magalimoto adachuluka. Sizidagwe kuchokera kumwamba. Adazimenyera ndi makolo wamba, monga momwe ife tidamenyera matipate.

Ngati Netherlands ili kutali, tiyeni tione ku Dar es Salaam, mzinda umene abale athu ambiri othawa nkhanza adakhalako zaka zambiri. Kumeneko bungwe la Amend lidayamba ndi sukulu za pulaimale zimene ana ake ankagundidwa kwambiri. Lidaika mahampu, poyenda anthu, poolokera ndi zikwangwani, ndipo pena lidangosamutsa chipata cha sukulu kuti chisayang'ane kumseu waukulu. Kafukufuku adapeza kuti kuvulala kwa ana m'sukulu zimenezo kudatsika ndi 26 pa 100 aliwonse. Zida zake ndi simenti, miyala ndi penti. Palibe chimene amisiri a ku Kawale kapena Ndirande angachilephere.

Tsono tikupempha chiyani kwa makhonsolo a mizinda yathu?

Choyamba, khonsolo iliyonse isiyanitse poyera miseu yodutsa ndi miseu yofikira kunyumba. Kamseu ka m'kati mwa Area 23 kapena Chilomoni si njira ya malole kapena ya munthu wothawa mdipiti wa pamseu waukulu. Pamene kamseu kasanduka njira yachidule, pakati pake paikidwe zipilala za simenti zoti munthu, njinga ndi wilibala zidutse koma galimoto ibwerere. Nyumba iliyonse ikhalebe yofikika ndi galimoto kuchokera mbali imodzi, kuti ambulansi, galimoto yozimitsa moto ndi ya maliro zizifika. Chimene chikutha ndi kudutsa kwa munthu amene alibe chochita m'deramo.

Chachiwiri, liwiro m'madera okhala anthu, pasukulu, pachipatala ndi pamsika likhale 30, ndipo mseu weniweniwo ndiwo uzikakamiza zimenezi. Chikwangwani chimabedwa n'kukasanduka mbaula, wapolisi amaweruka, koma hampu yomangidwa bwino siipita kutchuthi ndipo silandira ya fanta. Poolokera pakwezedwe kufika msinkhu wa poyenda anthu. Mphambano zichepetsedwe kukula kuti dalaivala asamakhote ali pa liwiro.

Chachitatu, pasapezekenso kontilakiti ya phula m'tauni imene mulibe poyenda anthu pokwezeka bwino ndi ngalande zovindikira. Kontilakitala amene wasiya ngalande yosatseka pakhomo pa sukulu asalandire malipiro ake omaliza. Poyenda anthu pakhale potheka kudutsa njinga ya olumala ndi munthu wosaona woyenda ndi ndodo, ndipo eni magalimoto asapasandutse poimika.

Chachinayi, njinga ilemekezedwe. Wakabaza wa njinga yakapalasa amanyamula mayi wapakati kupita naye kuchipatala ndi mwana kupita naye kusukulu popanda dontho la petulo. M'malo momuthamangitsa ndi kumulanda njinga, apatsidwe njira yakeyake yotchingidwa pamiseu ikuluikulu ndi malo oimapo odziwika. Tidagona m'mizere ya mafuta mu 2011 ndi 2012, tidagonamonso kuyambira 2022, ndipo mu November 2023 kwacha idagwetsedwa ndi 44 pa 100 aliwonse. Dziko limene limagula kunja lita iliyonse ya mafuta ndi ndalama zakunja zosowa liyenera kuthokoza munthu aliyense amene wasankha kupalasa.

Chachisanu, mitengo ndi magetsi. Munthu sangasankhe kuyenda pansi makilomita atatu pa dzuwa la October popanda mthunzi, ndipo mayi wochokera kuntchito usiku sangadutse njira yamdima. Amene amadula mtengo wa m'mbali mwa mseu amakhala munthu woyenda m'galimoto yoziziritsa mkati.

Tikudziwa kuti pali odandaula, ndipo madandaulo ena ngomveka. Eni magalimoto ati ulendo wawo utalika. Zoona, utalika ndi mphindi zingapo. Koma nawonso akatsika m'galimoto amasanduka oyenda pansi, ndipo ana awo amene amawatsekera m'mipanda ya njerwa amawatsekera chifukwa cha mseu womwewo. Ena ati mukamanga poyenda anthu mavenda adzazapo. Izinso n'zoona, ndipo yankho lake si zikoti. Mu 2006 boma lidachotsa mavenda m'miseu pa ntchito imene idatchedwa Operation Dongosolo, koma adabwerera, chifukwa venda amatsata mapazi a ogula. Pojambula mseu pakhale malo a woyenda ndi malo a wogulitsa, onse olembedwa bwino, m'malo monamizira kuti mayi wa mandasi kulibe.

Nanga ndalama? Lita iliyonse ya mafuta ili ndi msonkho wa miseu umene umapita ku Roads Fund Administration, ndipo kuyambira 2021 tili ndi zipata zolipiritsa monga cha pa Chingeni. Wina asaganize kuti msonkho umenewu amalipira ndi eni magalimoto okha. Uli m'kati mwa mtengo wa minibasi, wa thumba la chimanga ndi wa paketi ya shuga. Woyenda pansi amalipira mseu umene umamukankhira m'ngalande. Mzinda wa Nairobi udalemba mu 2015 ndondomeko yoti 20 pa 100 iliyonse ya ndalama zomangira miseu izipita kwa oyenda pansi ndi apanjinga. Makhonsolo athu alembe gawo lawo, alilengeze, ndipo chaka chikatha atiwerengere zimene agula nalo. Palinso thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu. Poolokera pa sukulu mpotchipa kuyerekeza ndi zinthu zambiri zimene thumba limeneli lakhala likulipira.

Koma pali chenjezo, ndipo likupita makamaka kwa inu abale amene mudabwera kuchokera kunja mutaona mizinda ina. Paja amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo nzeru zanu tikuzifuna. Komabe kalumo kakuthwa sametera munthu asanavomere. Ku London mu 2020, nthawi ya Covid-19, makhonsolo angapo adatseka timiseu ta m'madera mofulumira asanakambirane mokwanira ndi eni dera. Anthu adakwiya, ndipo khonsolo ya Ealing idachotsa zambiri mwa zotchingazo mu 2021. Ku Kigali, kumene kuyambira 2016 amakhala ndi masiku otseka miseu ina kuti anthu ayende ndi kupalasa, zinthu zimayenda chifukwa boma likalamula palibe wotsutsa. Ife tili ndi mseu wa Paul Kagame mu Lilongwe, ndipo ukhondo wa Kigali timausirira, koma njira yolamula tidaikana mu 1993. Tidatopa ndi chitukuko chobwera ndi apayoniya. Mseu wa ku Mchesi ujambulidwe pamsonkhano wa anthu a ku Mchesi, pali mafumu a m'tauni, komiti ya sukulu, akabaza, mavenda, oyendetsa minibasi ndi anthu olumala. Ayambe ayesa ndi migolo yodzaza mchenga ndi penti kwa miyezi itatu. Zikakomera anthu, athire simenti. Zikavuta, asunthe migolo. Umu ndi momwe demokalase imamangira mseu.

Malamulo oyendetsera dziko lino amatipatsa ufulu wokhala ndi moyo m'gawo 16, ufulu wa chitukuko m'gawo 30 ndi ufulu woyenda m'gawo 39. Palibe pamene adalemba kuti maufulu amenewa ngwa okhawo ali ndi laisensi. Kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino lidakhala lopanda makhansala, ndipo munthu wa dandaulo la mseu wa kwawo adalibe khomo logogoda. Lero khomo lilipo. Makhansala tidawasankha pa 16 September 2025, ndipo ambiri mwa amene adawavotera adapita kukavota wapansi.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Musadikire kuti nthambi ziikidwe pamseu wa kwanu. Sonkhanani ndi anansi anu, yendani njira imene ana anu amadutsa popita kusukulu, lembani malo onse oopsa, ndipo pepalalo mukalipereke kwa khansala wanu pamaso pa anthu. Mufunseni mafunso atatu. Ndi sukulu iti m'dera lino imene iyambe kulandira poolokera, ndipo liti? Pa ndalama za miseu za chaka chino, ndi zingati zapita kwa oyenda pansi ndi apanjinga? Nanga iye mwini adayenda liti wapansi kuchokera kunyumba kwake kukafika kumsika? Mayankho ake mutitumizire. Tidzawasindikiza patsamba lino monga momwe awanenera, ndipo amene akana kuyankha tidzalembanso kuti akana.